Zoboolera Ziwiri za Madala

Ndisanabwere ku Dubai ndinali kalipentala ku Balaka. Kuno ndine dalaivala wa banja lina la azungu ku Jumeirah. Ntchito yanga ndi kuperekeza ana kusukulu, kukagula zinthu, kutsuka magalimoto ndi kudikira. Kudikira ndiko kumachuluka. Chimene chinatsala cha ukalipentala wanga ndi mwala wonolera umene ndinabwera nawo m'chikwama. Nthawi zina ndimanolerapo mipeni ya kukhitchini popanda wondituma, kuti manja asaiwale.

M'nyumbamo mumakhalanso bambo awo a madamu. Anachokera ku Finland atadwala sitiroko, poti kwawoko ankakhala okha. Ife antchito timangowatchula kuti madala. Ndi aatali, amakoka mwendo pang'ono poyenda, ndipo dzanja lawo lamanzere ndi lofooka: limagwira koma silifinya. Chaka chimene ndikunenachi sankafuna gombe, sankafuna masitolo akuluakulu, sankafuna kukhala pansi. Ankazungulira m'nyumba ngati munthu wotaya makiyi.

Tsiku lina mu Januwale anandipeza m'galaja ndikunola mpeni wodulira nyama. Anaima pambali panga n'kumaonerera. Kenako anatenga mpeniwo, n'kupala nawo chikhadabo chawo, n'kuyang'anitsitsa kaufa koyera kamene kanatuluka.

"Unaphunzira kuti?" anandifunsa.

"Ndinali kalipentala, bwana."

"Kalipentala," anabwereza. Kuyambira tsikulo limenelo ndilo dzina langa kwa iwo. "Kwera apo, kalipentala. Kuseri kwa masutikesi kuli katundu wanga. Nditsitsire."

Ndinatsitsa mtolo wautali wokulungidwa m'bulangeti lakale. M'katimo munali zitsulo ziwiri, chilichonse chofika pachifuwa panga, zopota ngati bawuti wamkulu. Kunsi kwa chilichonse kunali timipeni tiwiri tomangidwa ndi mabawuti aang'ono. Zinandikumbutsa choboolera matabwa, kungoti izi zinali zazikulu kwambiri. Madala anati ndi zoboolera ayezi. Kwawo nthawi yozizira nyanja imaundana pamwamba mpaka anthu amayendapo. Munthu amapita pakati, kuboola bowo, kukhala pa kampando, n'kutsitsa mbedza m'bowomo. Ndinali nditaonapo pa kanema, koma sindinkaganiza kuti pali munthu amene angazisowe mpaka kuwonda nazo.

Choboolera chimodzi chinali chakale, utoto utasupuka, ndipo bowo lake linali loti chibakera chingalowe movutikira. Timipeni take tinali towongoka. Pamwamba chinali ndi kamutu kozungulira koikapo chikhatho, dzanja linalo n'kumapukusa. Chinzakecho chinali chatsopanoko, chachikulu, bowo lake ngati mbale. Timipeni take tinali tokhota ngati zenga, ndipo chogwirira chake chinali chopindika pawiri kuti manja onse azipalasa pamodzi monga miyendo pa njinga. Zonse ziwiri zinali zitachita dzimbiri. Mpweya wa ku Jumeirah uli ndi mchere, suleka chitsulo.

"Ungazinole?"

"Ndingayese, bwana."

Masana ake ndinalowa kukhitchini kukamwa madzi. Mayi amene amalera ana ndi kusamala m'nyumbamo ndi wa ku Dedza, timatchulana achimwene ndi achemwali. Anandiyang'ana m'manja, mmene munali dzimbiri.

"Achimwene, mukudziwa zimene mwalowazi?"

"Ndikunola zitsulo."

"Mukunola mlandu. Dzulo patebulo anakangana. Madala akuti akufuna apite kwawo akawedze nyanja isanasungunuke. Madamu akuti, botolo la jamu likukukanikani kutsegula, ndiye mukaboola nyanja? Boolani ayezi nokha ine ndikuona, ndikulolani mupite. Anangonena mopsa mtima. Koma nkhalamba ija yagwira mawuwo ngati nkhanu."

Ndinamvetsa. Pasipoti, mankhwala ndi za adokotala zonse zinali m'manja mwa madamu. Popanda iwo kuvomera madala sakanatuluka m'dziko muno. Ndipo ayezi wa kwawo, monga anandiuzira pambuyo pake, sadikira munthu: pofika mu Epulo amakhala atayamba kuwola.

Tinayamba m'mawa wotsatira, ana atapita kusukulu. Ndinamasula timipeni ta choboolera chakale, n'kunyowetsa mwala. Pa tchizulo munthu amayamba ndi kumsana, kukugoneka pamwala mpaka kusalale. Ndinagoneka kampeniko momwemo. Ndisanakankhe, dzanja lawo lamanja linandigwira mkono.

"Uko ayi. Pansi sakhudzapo. Ukadyapo ngakhale pang'ono, chizingozungulira pamwamba pa ayezi ngati galu wofuna pogona, osaluma."

Anatenga cholembera chakuda cha ana n'kupaka mbali yopendekera ya kampeniko. Anati ndinole mbali yokhayo mpaka inki ichoke yonse mofanana. Ikatsala kunsonga ndiye kuti ndagoneka kwambiri, ikatsala kumbuyo ndiye kuti ndadzutsa kwambiri. Njira imeneyi sindinkaidziwa, ine ndinazolowera kumva ndi zala. Ndinaikonda. Timipeni towongoka sitinavute, tinakhala bwino pamwala ngati tchizulo. Tokhota tija tinakana. Mwala wafulati unkangokhudza m'mbali n'kusiya pakati. Ndinaganiza usiku wonse wa tsikulo ndi m'mawa wake m'basi, kenako ndinadula chidutswa cha paipi ya madzi, n'kukulungapo sandipepa wosalala kwambiri, n'kumatsata kukhotako pang'onopang'ono. Madala anayang'ana, anagwedeza mutu movomereza. Pomaliza pamatsala kalilime kachitsulo kopindikira kuseri. Kameneka tinkachotsa pokoka kampeniko pa lamba wanga wachikopa, kamodzi kapena kawiri, osakanikiza.

Mipeni inathwa. Kunatsala ayezi.

Poyamba ndinakagula chibuma cha ayezi chimene amaika pa nsomba kumsika. Tinachiika pa thabwa. Choboolera chachikulu chitangoluma, chibumacho chinang'ambika pakati, zidutswa n'kuthamanga pansi pa galimoto. Madala anati tikufunika ayezi wotambalala, wokhuthala ngati mkono kuchokera pachigongono kufika kuzala.

Ndimagona ku Al Nahda, m'chipinda cha anthu angapo. Pa bedi la pansi panga pamagona mnzanga wa ku Zambia, wa ku Chipata, amene amagwira ntchito kosungira nyama m'zipinda zozizira. Ndinamufotokozera akuvala nsapato.

"Ba Malawi, imwe mwapenga?" anatero. "Anthu afuna ayezi wa mu botolo, imwe mufuna wa mu diramu. Manje supavaiza nizamuuza chani?"

"Umuuze kuti ndi za wodwala."

"Wodwala wabwanji wamene amwa diramu ya ayezi?"

"Samwa. Aboola."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, nsapato imodzi ili m'manja. "Mudala, Dubai yakulowani mu mutu. Khalas, basi, bweletsani diramu. Nizakamba naye."

Supavaiza wakeyo anaseka n'kuvomera, bola mgolowo uziima pakona. Ndinadula mgolo wapulasitiki pakati, tinaudzaza madzi, unakhala kumeneko. Pokautenga tinaukankhira m'galimoto pa matabwa, ndipo ku Jumeirah wosamalira maluwa anandithandiza kuutsitsa. Ndinazindikira kuti madala sangaboole ataima pansi, mgolo uli m'mawondo. Ndinaphwasula mapaleti akale, matabwa aja osanjikapo katundu, n'kukhoma kansanja kozungulira mgolowo, kuti mapazi awo akhale pa mlingo umodzi ndi ayezi. Panali patapita zaka ndisanagwire hamala tsiku lathunthu. Madzulo ake mapewa ankawawa, koma sindinadandaule.

Mgolo woyamba tinautenga msanga. Pamwamba unali wolimba, koma choboolera chitalowa pang'ono chinangomira, madzi n'kutumphuka m'bowomo. M'kati munali musanaundane. Madala anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuseka.

"Ayezi wotere ndi amene amapha anthu," anatero. "Pamwamba amaoneka ngati msewu."

Ananena mosangalala, ngati akukumbuka mnzawo wakale. Ine sindinaseke.

Sabata yomweyo ndinkatenga madamu kuntchito kwawo, galimoto yawo ili kokonzedwa. Tinaima pa mzere wa magalimoto osasuntha. Analankhula akuyang'ana panja.

"Ndaona nsanja yanu m'galaja."

"Inde, madamu."

"Mwakhoma bwino. Sindikukuletsani, ndi bambo anga, mawuwo ndinanena ndine. Koma mudziwe kumene akufuna kupitako. Nyumba yathu yakale ili yokha m'mbali mwa nyanja. Pa ayezi paja amakhalapo okha kuyambira m'mawa. Akaterereka, wowadzutsa palibe. Kumeneko munthu akagona pansi nthawi yaitali sadzukanso."

Mzere unasuntha, ndinayendetsa galimoto.

Kuyambira pamenepo sindinakhalenso bwino. Ndikakhala m'galimoto kudikira ana, ndinkatuluka, kuzungulira galimoto, kulowanso. M'basi ya m'mawa, pa mzere wautali wa kumalire a Sharjah ndi Dubai, ndinkapeza chala changa chikuyenda pa bondo ngati chikutsata kampeni kokhota. Ndinkaona munthu wamtali atagona pamalo oyera opanda mtengo, kenako n'kuona munthu yemweyo akuzungulira m'nyumba yozizira ndi makina, akuyang'ana makoma. Zonse ziwiri sizinkandisangalatsa. Ku Balaka ndinkakhoma mipando, zitseko, nthawi zina mabokosi a maliro. Munthu akaitanitsa chinthu ndinkadziwa kumene chikupita. Apa sindinkadziwa chimene ndikukhoma.

Achemwali aja anaona.

"Mwawonda, achimwene. Nkhani yake ndi yophweka. Si paja anakuletsani kukhudza pansi pa timipenito? Pititsanipo mwala kamodzi. Chikana kuluma, iwo aziti ndi dzanja lawo, nkhani yatha. Adziwa ndani?"

"Akayang'ana adziwa."

"Maso awo aja? Ndimawalowetsera ulusi pa singano ndine."

"Sindingachite, achemwali."

"Chabwino, akalipentala. Ndiye mudzakhale inu amene munanolera nkhalamba njira ya kumanda. Pochoka mupukute madzi anuwo, ndatopa kukolopa nyanja m'galaja."

Sanali munthu woipa. Amawachapira madala, amawakumbutsa mankhwala, amadziwa mmene amapumira akakwera masitepe. Mawu awowo anandikhala m'mutu masiku ambiri.

Mgolo wachiwiri unabwera wolimba mpaka pansi. Tinayamba kuyerekeza zoboolerazo. Nthawi inali yochepa, chifukwa ngakhale mu Febuluwale ayezi wa m'galaja amayamba kutuluka thukuta ukangomutsitsa. Ine ndinkayamba, kuti tione mipeni. Chachikulu chinkandidabwitsa. Sichinkafuna kukanikiza, chinkadzikoka chokha kulowa pansi, ufa woyera n'kumakwera m'mizere yake n'kutayikira pa nsapato. Chaching'ono chinkafuna kuti uchitsamire, ndipo chinkayenda pang'onopang'ono. Kwa munthu wa manja awiri panalibe mpikisano, chachikulu chinkapambana.

Kwa madala zinali zosiyana. Pa chaching'ono, dzanja lofooka linkangokhala pa kamutu kaja, chifuwa n'kutsamira pamwamba pake, lamanja n'kumapukusa. Ankaima kawirikawiri kupuma, koma bowo linkatsika mowongoka. Tsiku lina anafika pansi. Ndinamva kampeni kakukanda pulasitiki ya mgolo. Anakhala pa mpando umene ndinawaikira, akupuma ndi pakamwa, nkhope itafiira.

"Mwaboola, bwana."

"Ndaboola kabowo ka makoswe."

Pa chachikulu, manja onse amayenera kuzungulira. Lamanja linkamaliza ulendo wake, lamanzere linkafika pakati n'kutsalira. Chitsulo chinkagwedezeka, bowo n'kupendekera mbali imodzi, ndipo likapendekera mipeni inkamata m'mbali. Sanafikepo ngakhale theka. Ndinafunsa chifukwa chimene ankalimbikira chimenechi.

"Nsomba imene ndimafuna sidutsa pa kabowo kaja," anatero. Anandionetsa pa foni. Inali yaitali, ya mano, yofanana ndi mcheni koma yonenepa ngati ntchafu. "Pa kabowo kang'ono umakoka tinsomba ta ana. Yaikulu ikagwira, umaiona mutu pansi pa ayezi, n'kudula chingwe wekha. Zinandichitikirapo. Sindifuna zindichitikirenso."

Tsiku lina achemwali anatithamangitsa m'galaja, akuti madzi afika ku makina ochapira. Tinakokera mgolo ndi nsanja panja, kuseri kwa nyumba. Kunali kamphepo, thambo lili lotuwa. Sitinalabadire. Fumbi la kuno ndi losalala, silioneka likamatera, koma pa ayezi wonyowa limamata. Ndinapukusa chachikulu kangapo, chinaluma, kenako chinayamba kuterereka. Ndinakanikiza, chinangozungulira. Madala anapititsa chala pa ayezi n'kuchitikita ndi chinzake. Ndinamva mchenga ukulira.

"Kwathu timapewa ngakhale pamene munthu waponda ndi nsapato za matope," anatero. "Ndabwera m'dziko la mchenga n'kuiwala mchenga."

Timipeni tonse tokhota tinali titabuntha. Ndinayang'ana m'mphepete mwake, munali mzere wowala umene mpeni wakuthwa sukhala nawo. Ndinadabwa kumva mtima wanga ukupepuka. Mphepo inali itachita zimene achemwali ankafuna, popanda dzanja langa. Ndikanatha kunena kuti zawonongekeratu, sandipepa sangabwezeretse. Madala anatola timipenito, kutipukuta ndi mpango wawo, n'kutiika m'manja mwanga osandifunsa kanthu. Ndinabwerera m'galaja. Ndinapaka inki, ndinadula sandipepa watsopano. Zinanditengera nthawi yonse yodikira ya masiku angapo, m'galimoto, thabwa lili pa mawondo, kunja kwa sukulu. Madalaivala anzanga ankasuzumira pa windo. Wina wa ku Pakistan anafunsa ngati ndayamba kumeta anthu.

Madala anasankha Loweruka loti madamu aone. Lachisanu, titamangirira timipeni ndi kupaka mafuta, ndinalankhula.

"Bwana, mawa mutenge chaching'ono. Madamu sananene kukula kwa bowo."

"Ukuganiza ngati loya, kalipentala."

"Ndikuganiza ngati dalaivala. Munthu amadzera msewu umene uli wotsegula."

"Ndiye ukufuna ndipite?"

Ndinali nditangowapatsa nzeru yopitira kumalo amene ndinkaopa kuti akafera. Anandiyang'ana, anamwetulira pang'ono, n'kulowa m'nyumba. Ndinatsala ndi zoboolera ziwirizo zitatsamira khoma. Ndinaganiza zobisa chachikulu m'galimoto, kenako ndinaganiza zobisa chaching'ono. Ndinazisiya pomwepo n'kuthamangira basi.

Loweruka m'mawa mnzanga wa ku Zambia anandithandiza kukweza mgolo. "Yalla, tiyeni, ba Malawi, pelekani nyanja yanu," anatero. "Mukaniuze ngati agwila nsomba." Ndinauphimba ndi nsalu njira yonse chifukwa cha fumbi, ndipo m'galaja ndinatsuka pamwamba pake ndi madzi oyera. Amuna awo a madamu anali atapita ndi ana kosambira. Madamu anatuluka atavala za m'nyumba, kapu ya khofi ili m'manja, n'kuima pafupi ndi chitseko. Achemwali anaima kumbuyo kwawo ndi chokolopera, ngati abwera kudzagwira ntchito.

Madala anakwera pa nsanja okha, anakana dzanja langa. Zoboolera zonse ziwiri ndinali nditaziika pafupi. Anatambasula dzanja n'kutenga chachikulu.

Ndinatsokomola. Sanandiyang'ane.

Anayamba bwino kuposa masiku onse. Anaika mapazi motalikirana, anapukusa pang'onopang'ono, ufa woyera unayamba kukwera. M'galajamo munkangomveka kukhwekhwereza kwa mipeni ndi mpweya wawo. Anadutsa pamene ankalekera nthawi zonse. Ndinaona phewa lamanzere likunjenjemera, ndipo ndinapezeka kuti ndasendera pafupi, manja ali okonzeka. Anapuma, anayambanso. Bowo linayamba kupendekera. Anayesa kuliwongola ndi thupi, mipeni inamata, chogwirira chinabwerera n'kuwamenya pa dzanja lofooka lija. Linatseguka lokha. Anagwa ndi bondo limodzi pa matabwa.

Ndinawagwira m'khwapa. Anali olemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo malaya anali atanyowa. Ndinawakhazika pa mpando. Choboolera chinatsala chili chiimire m'bowo, chitapendekera. Pansi panali patatsala ngati kutalika kwa chala.

Madamu sananene kuti ndinakuuzani. Anaika kapu pa boneti ya galimoto, anayang'ana bondo la bambo awo, anaona kuti palibe magazi. Kenako anakwera pa nsanja, n'kutenga chaching'ono chija. Anachitembenuza m'manja.

"Ichi chinali changa," anatero. "Munandipatsa ndili kamtsikana. Ndimayesa chinatayika."

"Sichinatayike. Unachisiya."

Anachiika pambali pa bowo la bambo awo, chikhatho pa kamutu, n'kuyamba kupukusa. Poyamba chinadumpha, kenako thupi linakumbuka. Anapukusa mwaukali, tsitsi likugwera kumaso, osapuma mpaka kampeni kanakanda pulasitiki. Anachizula, ufa wa ayezi n'kuwagwera pa mapazi opanda nsapato.

"Chathwa bwino," anandiuza, akupuma. Kenako anatembenukira kwa madala. "Bambo, tiyeni tipite tonse. Nditenga tchuthi sabata imodzi. Ine ndiziboola, inu muziwedza. Ngakhale ndi chachikulucho, ndiphunzira."

Achemwali anandiyang'ana, nsidze zili m'mwamba. Ine ndinamva mapewa anga akutsika. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, ndipo yatha bwino.

Madala anali akutikita dzanja lawo lamanzere ndi lamanja. Sanadzutse mutu.

"Ayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Munthu amawedza pa bowo lake. Ukandiboolera, ndiye kuti wandinyamula kukandionetsa nyanja. Undikhazike pa mpando, undifunditse bulangeti, uziyang'ana wotchi. Kuona ndingaone pa foni."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Unanena kuti ndiboole ndekha. Sindinaboole."

"Ndasintha mawu anga."

"Ine sindinasinthe."

Madamu anatsika pa nsanja, choboolera chili m'manja. Anachitsamiritsa kukhoma mosamala, timipeni tili m'mwamba monga mmene amachitira anthu ochidziwa, anatenga kapu yawo n'kulowa m'nyumba. Madala anatsatira patapita nthawi, akukoka mwendo kuposa kale. Achemwali anayamba kukolopa.

"Mutu ndi umodzi, bambo ndi mwana," anatero. "Inu ndi ine tizingokolopa."

Ndinazula chachikulu m'bowo. Chinavuta, ayezi anali atachigwira. Ndinapukuta zonse ziwiri, kuzipaka mafuta, kuzikulunga m'bulangeti. Ayezi ndinamusiya asungunukire m'ngalande. Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Ndinayenda m'misewu ya ku Al Nahda popanda kopita, kulowa m'sitolo, kutuluka osagula kanthu. Sakupita, ndinkadziuza, ndiye kuti sakagwa pa ayezi. Zinali zoona, koma sizinandikhazike pansi.

Lolemba nditabwera kosiya ana ndinawapeza m'galaja. Mtolo unali utamasulidwa. Timipeni tokhota anali atatimasula okha, sindikudziwa kuti anatha bwanji, n'kutiyala pa mpango. M'dzanja lamanzere anali ndi kampira ka ana, akukafinya n'kukasiya.

"Mipeni ili bwino, bwana. Ndi yakuthwa."

"Ndikudziwa. Vuto si mipeni." Anakweza dzanja la kampiralo. "Koma uziyang'anabe dzimbiri. Chaka chino khalas, ayezi wa kwathu awola ndisanakonzeke." Mawu achiarabu akuti khalas, kutanthauza kuti zatha, anawatola kwa ife antchito. "Mgolo upite kwa mnzako uja."

"Madamu akudziwa?"

"Iwe ndi dalaivala wa madamu. Ine ndikupempha kalipentala."

Ndinakweza mgolo wopanda kanthu m'galimoto. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawauze madamu, ndi mawu oti ndikawakanire madala, osamaliza ngakhale amodzi. Mnzanga wa ku Zambia ataona mgolowo anagwira m'chiuno.

"Futi? Mwayambanso?"

"Futi."

"Mpaka liti, mudala?"

"Mpaka aboole, inshallah, Mulungu akalola. Kapena mpaka atope."

"Aja sazatopa. Muzatopa ndimwe."

Mgolo unabweranso wodzaza kumapeto kwa sabata, ndipo unabweranso pambuyo pake. Kunja kunayamba kutentha, ayezi ankasungunuka mofulumira, nthawi yoyesera inkafupika. Madamu sananene kanthu, inenso sindinanene. Ndinkayembekezera tsiku limene adzandiitane.

Linafika m'mawa wina ndikukweza zikwama za ana kumbuyo kwa galimoto. Madamu anabwera ndi botolo la madzi limene mwana anaiwala. Anaweramira m'kati, anagwira kapeti, n'kuyang'ana chikhatho chawo. Inali yonyowa, ndipo chizindikiro chozungulira cha mgolo chinkaoneka bwinobwino. Ndinaima ndi chikwama m'manja.

"Akufika pati tsopano?" anafunsa motsitsa mawu.

"Pamene anafika tsiku lija, madamu. Nthawi zina kupitirirako pang'ono."

Anapukuta dzanja pa siketi. Anayang'ana kuwindo la chipinda cha bambo awo, kenako kwa ine.

"Muziyala pulasitiki pansi. Kapetiyi iwola."

Anabwerera m'nyumba. Ana anali akukangana kale za mpando wa kuwindo. Ndinatseka kumbuyo, ndinaliza galimoto, ndipo pobwerera kuchokera kusukulu ndinaima pa sitolo ya zomangira kufunsa pulasitiki yokhuthala.